Kuchokera ku Mabvuku kukaponda mchenga wa ku Mauritius

Lachisanu, Mabvuku

Zikwama zatsekedwa. Mawa m'bandakucha tikhala tili pa bwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe, kudzera ku Johannesburg, kenako maola anayi mumlengalenga mpaka ku Mauritius. Tilipo atatu: ine, mnyamata wanga amene wangomaliza mayeso a Giredi 7, ndi Azakhali, amene mdzukulu wawo akulandira digiri kumeneko sabata ikubwerayi. Tikiti yanga yachokera ku chipereganyu cha amayi a Chigwirizano. Chaka chino inali nthawi yanga yolandira, ndipo firiji idikira.

Ine ndi mwana tili ndi mapasipoti a Zimbabwe. Azakhali sanataye ya ku Malawi chibwerereni kuno mzinda wa Harare ukutchedwa Salisbury. Onsewa safuna viza ku Mauritius. Chimene amafunsa ndi tikiti yobwererera, keyala ya kumene ukagone, ndi fomu yodzaza pa intaneti usananyamuke.

Madzulo ano nyumba inadzaza ndi otsazika, aliyense ndi chenjezo lake. Munthu wokulira mu Harare madzi amene amawadziwa ndi a ku Chivero, a ng'ona, namasupuni ndi likodzo, choncho langizo la ambiri linali limodzi: musalowemo. Azakhali anabadwira ku Senga Bay, ndipo anangoti, "Ine ndinkasambira mwera ukuomba, inu amanu asanakumaneko n'komwe." Koma alamu anga a ku Tafara ananena china: "Alamu, magombe a kumeneko ndi a mahotela. Inu mukangoonera pa mpanda." Sindinawayankhe. Ndikawayankha ndikakaona.

Loweruka, Flic en Flac

Bwalo la ndege lili kum'mwera chakum'mawa, pafupi ndi Mahébourg, ndipo ife tikugona ku Flic en Flac, kumadzulo. Tadutsa chilumba chonse pakati pa minda ya nzimbe. Magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu, wotchi yokha ndiyo yatsogola ndi maola awiri.

Mdzukulu wa Azakhali watipezera kanyumba kalendi, misewu iwiri kuchokera kunyanja. Tisanamwe n'tiyi yemwe anatulutsa m'chikwama nsapato zalabala zolowera m'madzi, aliyense zake. "Anti, izi si zokongoletsa. Pansi pali minga." Azakhali anaziyang'ana monyoza, koma anavala.

Chinthu choyamba kuona pagombe ndi mzere woyera wa thovu uli patali, kumene mafunde akusweka. Pamenepo ndi pa khoma la makorali, miyala yomangidwa ndi tizilombo ta m'nyanja, limene lazinga pafupifupi chilumba chonse. Mkati mwa khomalo madzi ndi abata, obiriwira, osaya. Kunja kwake ndi nyanja ya Indian yeniyeni, yakuda bii. Mkokomo wake umamveka, koma mphamvu yake imathera pakhoma. Azakhali anatunga madzi m'dzanja, n'kulawa, n'kulavula, n'kunena kuti nyanja yosamweka ndi yongowononga malo.

Lamulungu, Flic en Flac

Alamu a ku Tafara, mvetserani. Palibe geti, palibe tikiti, palibe wotifunsa kuti tagona kuti. Gombe la Flic en Flac ndi limodzi mwa magombe oposa 100 amene boma linalengeza kuti ndi a anthu onse, ndipo Lamulungu eni dziko amabwera ndi nyumba yonse.

Tinafika cha m'ma 9 koloko, mithunzi yabwino itatha kale. Pansi pa mitengo ya filao, yamasamba onga singano ija, mabanja anali atamanga matenti ndi malona, mikeka itayalidwa, miphika ikuluikulu ya biriyani itakutidwa ndi nsalu. Agogo pa mipando yopinda, achinyamata pa mpira, kwinaku gulu likuwamba ng'oma yawo ya ravanne kuti liyambe gule wa sega. Banja lina litaona Azakhali akusowa pokhala linasuntha mkeka, ndipo pasanathe theka la ola iwo anali ndi mbale m'manja, akucheza ndi mayi wa m'banjamo, wina m'Chikiliyo wina m'Chichewa, onse akuseka.

Amene amayang'anira magombewa ndi bungwe la boma lotchedwa Beach Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2002. Zimbudzi, migolo ya zinyalala ndi magetsi a pagombe ndi udindo wawo, ndiponso ndi amene amapereka ziphaso kwa ogulitsa malonda. Mavani a zakudya amaima m'mphepete mwa msewu. Tinadya dholl puri, timikate topyapyala ta nandolo wogaya tothira ndiwo mkati, ndi chinanazi chowaza mchere ndi tsabola. Majumbo apulasitiki analetsedwa kuno mu 2016, ndipo mu 2021 analetsanso mbale, masipuni ndi timapaipi tomwera ta pulasitiki togwiritsa ntchito kamodzi, choncho chakudya chimabwera m'pepala. Galimoto siloledwa kutsikira pamchenga.

Za zovala ndinkada nazo nkhawa chifukwa cha Azakhali, koma pagombe la anthu onse amayi ambiri a kuno amalowa m'madzi ndi malaya ndi kabudula wautali, ena ndi diresi lonse. Azakhali analowa ndi chitenje chomangira pachifuwa ndipo palibe anacheuka. Kusamba uli mbulanda n'koletsedwa. Alendo ochokera ku Ulaya amavala zawo zija, ndipo aliyense amasamala zake.

M'madzi muli timipira tachikasu toyandama, tondandalika mozungulira malo osambira. Mkati mwake ndi mwa anthu, kunja kwake ndi mwa maboti a injini. Mdzukulu anamugwira mnyamata wanga paphewa n'kumuloza: "Ukadutsa pamenepo woyendetsa boti sakuona mutu wako." Anatilozanso pamene mzere wa thovu wadukiza, pamene madzi akuoneka osalala kuposa pena ponse. Pamenepo khoma lili ndi mpata, ndipo madzi onse amene mafunde amaponyera mkati amatulukira pomwepo. Nyanja ikamaphwa, mpatawo umakoka. Munthu wachilendo amaona pabata n'kumati ndiye pabwino kusambira. Azakhali anamvetsera mwakachetechete, chifukwa nyanja ya kwawo ilibe kudzaza ndi kuphwa kwa tsiku ndi tsiku, ndipo kenako anafunsa kuti madzi abwerera nthawi yanji.

Apolisi a panyanja, a National Coast Guard, ali ndi ofesi kuno ndipo boti lawo limazungulira, koma musaganize kuti gombe lililonse lili ndi wopulumutsa anthu atakhala pampando wautali. Ambiri alibe. Manambala ndawalemba kuseri kwa pasipoti: apolisi 999, ambulansi 114, ozimitsa moto 115. Zikwama sitinazisiye zokha. Tinkasinthana, wina m'madzi wina pamkeka, monga ankachitira mabanja onse otizungulira.

Chakumapeto kwa gombe ndinaona tizifanizo ta milungu ya Chihindu pamiyala m'mphepete mwa madzi, pali maluwa ndi kokonati wosweka. Mnyamata wanga anafuna kutola kokonatiyo. Mdzukulu anamuletsa mwachangu kuti ndi nsembe ya anthu.

Lolemba, njira ya ku Wolmar

Lero ndinapita kukayesa mawu a alamu pamalo pamene angakhale oona. Kum'mwera kwa gombe la anthu onse, cha ku Wolmar kulowera ku Tamarin, kuli mahotela akuluakulu ondondozana. Tinanyamuka m'mawa madzi ataphwa, tikuyenda pamchenga wonyowa.

Gombe la anthu likatha sipakhala mpanda wofika m'madzi. Mchenga umangosintha: wasesedwa, wapalidwa mizere, ndipo pamwamba pake pali mabedi oyera ogonapo ndi maambulera audzu. Pa hotela ina mlonda wovala yunifolomu anatsika kudzatichingamira. Anatipatsa moni mwaulemu, n'kufunsa nambala ya chipinda. Mdzukulu anamuyankha m'Chikiliyo kuti tikungodutsa, ndipo iye anagwedeza mutu n'kubwerera, koma maso ake anatiperekeza mpaka kumalire a hotelayo, kumene mnzake anatilandira ndi maso omwewo. Azungu awiri amene ankayenda patsogolo pathu ndi nsapato m'manja sanafunsidwe kanthu. Mwina ankawadziwa. Ine ndangolemba zimene ndinaona.

Lamulo lake lili motere. Mchenga wa pakati pa pamene madzi amafika akadzaza ndi pamene amathera akaphwa ndi wa dziko, ndipo palibe hotela kapena mwini nyumba angauyese wake. Ukhoza kuyendapo, kusambira, kuyala thaulo. Pamwamba pa mzere umenewo pali lamba wa malo wozungulira chilumba, wa mamita 81 ndi masentimita 21, wotchedwa Pas Géométriques, woyezedwa kuyambira nthawi ya Afalansa. Umenewonso ndi wa boma, koma boma limaubwereketsa kwa mahotela ndi kwa eni nyumba za m'mphepete mwa nyanja kwa zaka zambirimbiri. Ndiye mabedi aja, maambulera, kapinga, dziwe losambira ndi zimbudzi ndi za alendo a hotela. Iwe chako ndi mchenga wonyowa.

Apa ndi pamene alamu akulondola pang'ono. Mchengawo ndi wako, koma uufika bwanji? Kuchokera kumsewu ukuona makoma, mageti ndi maluwa kwa mtunda wautali. Njira zotsikira kunyanja zilipo, koma zina ndi tinjira topanikizika pakati pa makoma awiri, topanda chikwangwani chooneka, todziwika kwa asodzi ndi ana a m'mudzimo. Mlendo akhoza kudutsa pakhomo pake osadziwa. Komanso nyanja ikudya gombe. Ku Flic en Flac kwenikweniko mizu ya filao ili pamtunda, ndipo malo ena eni ake anaunjika miyala kuteteza makoma awo, moti madzi akadzaza mchenga wa anthu onse uja umamira, n'kutsala miyala yoterera. Tinabwerera msanga chifukwa cha zimenezi, madzi atayamba kutinyambita m'maondo.

Eni dziko sanangokhala chete. Pali gulu lotchedwa Aret Kokin Nu Laplaz limene lakhala likutsutsa kulanda magombe, ndipo nkhondo yake yodziwika kwambiri inali ya gombe la Pomponette kum'mwera, limene mu 2016 linachotsedwa pa mndandanda wa magombe a anthu onse kuti pamangidwe hotela. Anthu anachita zionetsero, anapita kukhoti, analimbana zaka. Ndikuganiza kuti mkeka umene Azakhali anakhalapo dzulo ulipobe chifukwa cha anthu ouma mutu otere, osati chifukwa cha chifundo cha aliyense.

Azakhali anakhala chete ulendo wonse wobwerera. Tili pafupi kufika anati, "Naphiri, doko limene amayi ankatsukirapo mbale ku Senga Bay, nditapita ku maliro a amalume ako ndinapeza pali waya ndi galu. Ndinazungulira mpaka kwa asodzi a usipa kuti ndisambe m'maso." Anafunsa ngati kwathu kuli lamulo la mamita ngati limeneli. Ndinawauza kuti tikafunse aphungu a ku Salima.

Lachiwiri

Tsiku la digiri. Kunyanja sitinapiteko. Azakhali analuluta m'holo mpaka anthu a mizere itatu anatembenuka, ndipo mayi wina wa ku Kenya anawathandiza. Madzulo tinakwera basi kupita ku Quatre Bornes kukagula nsalu.

Lachitatu, kum'mwera

Tinachita hayala galimoto ya tsiku lonse. Woyendetsa ndi bambo wachikulire wa ku Bambous amene anakhalapo msodzi.

Le Morne ndi phiri la thanthwe lotalika mamita 556, loima pakona ya chilumba, madzi mbali zitatu. Akapolo othawa ankabisala pamwamba pake, ndipo mu 2008 UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse. Ukapolo unathetsedwa kuno pa 1 February 1835, ndipo tsikuli ndi holide chaka chilichonse. Patsinde pa phiri, moyang'anana ndi gombe la anthu onse, pali munda wa ziboliboli wokumbukira njira ya akapolo. Ambiri mwa anthuwo anachokera ku Madagascar ndi ku gombe la Mozambique, ndipo mwa amene ankangotchedwa "a Mozambique" munali Amakua, Ayao ndi Amaravi ogwidwa kumtunda, kufupi ndi nyanja yathu. Nditawafotokozera Azakhali, anayang'ana phirilo nthawi yaitali, n'kunena kuti anthu a ku Nkhotakota kwa Jumbe ankawoloka nyanja osabwerako, ndipo akuluakulu sankadziwa kumene ankathera.

Gombe lake ndi lokongola, koma woyendetsa anatiuza kuti tisapitirire m'chiuno. Mbali ya kum'mwera kwa phiri kuli mphepo yamphamvu, ndiye kumadzaza anthu oseweretsa makaiti okoka thabwa pamadzi. Zingwe zawo ndi zazitali ndi zolimba, ndipo wophunzira kumene sadziwa kuima. Osambira ali ndi mbali yawo. Mipata ya khoma kunonso ndi yaikulu, ndipo bamboyo anati asodzi enieni amaiwerengera nthawi asanadutsepo.

Kuchoka apo tinatsata msewu wa m'mphepete mwa nyanja mpaka ku Souillac, ku Gris Gris. Kumeneko khoma la makorali kulibe. Mafunde amachokera kutali kum'mwera popanda chowatchinga n'kudzamenya matanthwe akuda, thovu lake kufika kumaso uli pamwamba pa phompho. Pansi pali kagombe ka mchenga wachikasu kokopa kwambiri, ndipo njira yotsikirako ilipo. Gris Gris nalonso ndi gombe la anthu onse, koma zikwangwani zake zalembedwa m'Chingerezi ndi m'Chifalansa kuti kusambira n'koopsa. Tinaona anyamata awiri achilendo ataima pamwala wonyowa, msana kunyanja, akudzijambula. Woyendetsa wathu anawakuwira, mayi wogulitsa zokazinga anawakuwiranso, ndipo anachokapo monyinyirika. Funde lotsatira linakwirira mwala wonsewo.

Mnyamata wanga anafunsa agogo ake ngati angasambire pamenepo, poti ankasambira mwera ukuomba. "Iwe, mwera ndimaudziwa dzina ndi nthawi yake. Awa sindiwadziwa." Anakhala pabenchi n'kumangirira duku kuti lisauluke.

Lachinayi, Blue Bay

Tasamukira kufupi ndi bwalo la ndege chifukwa mawa tinyamuka m'mawa. Blue Bay ndi gombe la anthu onse, koma madzi ake ndi malo otetezedwa, mahekitala 353, ndipo mu 2008 analowa pa mndandanda wa Ramsar wa malo amadzi ofunika pa dziko lonse. Tinakwera boti la galasi pansi. Musanakwere funsani mtengo, onani ngati botilo lili ndi nambala ya chiphaso pambali, ndipo majekete oyandamitsa akhalemo okwanira aliyense. Athu analimo, ndipo Azakhali anavala popanda kukangana.

Pansi pa galasi makorali anadutsa amitundumitundu, ena anthambi, ena athabwa, ena oyera chifukwa anafa ndi kutentha kwa madzi. Woyendetsa boti anazimitsa injini pamalo osaya n'kutilozera chimene nsapato zija zimatetezera. M'mipata ya miyala munali tizilombo takuda tozungulira, minga yokhayokha ngati kanungu wodzipinda. Minga yake ikalowa m'phazi imathyokera momwemo. Kenako analoza mwala wina wa ndere, tinayang'ana osaona kanthu, mpaka mwalawo unatsegula kamwa. Ndi nsomba imene kuno amati laff. Imagona duu pansi, ndipo pamsana pake pali minga yaululu woopsa. Iye anati ukaiponda, viika phazi m'madzi otentha amene khungu lingapirire, ndipo thamangira kuchipatala osadikira kuti uone ngati kutupa kuchepe.

Titatsika, mnyamata wanga anatola kachidutswa ka korali woyera kuti akaonetse anzake ku Mabvuku. Woyendetsa boti anamuona. "Bwezera pamene wakapeza, mwana wanga." Kutola makorali ndi zigoba m'nyanja n'koletsedwa, kuponda pa makorali amoyo kumawapha, ndipo kusodza m'malo otetezedwawa kuli ndi malire ake okhwima.

Bamboyo anatilozera chakum'mawa, ku Pointe d'Esny, kumene sitima ya MV Wakashio inagunda khoma pa 25 July 2020. Patapita pafupifupi masabata awiri inayamba kutaya mafuta, matani pafupifupi 1,000. Anthu wamba anasonkhana ku Mahébourg kusoka masoseji aatali a nsalu odzaza masamba a nzimbe ndi tsitsi lometedwa m'masaluni, n'kuwayandamitsa kuti atchinge mafutawo. Iye anati anakhala miyezi osagwira ntchito. Lero madzi ndi oyera mbee, ana akudumphira kuchokera pa jeti.

Dzuwa la kuno limawotcha ngakhale ife akhungu lakuda. Mapewa a mnyamata wanga ayamba kusupuka.

Lamulungu, Mabvuku

Tinafika Lachisanu usiku, magetsi atazima, jakaranda atathothoka msewu wonse. Lero titaweruka ku tchalitchi amayi a Chigwirizano anandizinga pansi pa mtengo, foni yanga ikuyenda dzanja ndi dzanja. Alamu a ku Tafara anaima chapatali, akuonera chithunzi cha Azakhali ali m'madzi mpaka m'khosi, ndipo anangoti, "Koma mlonda uja anakufunsani, eti?" Ndinavomera kuti anatifunsa.

Tsopano amayi anayi akufuna kuphatikiza chipereganyu chawo kuti apite limodzi, ndipo akunena za tchuthi cha Khirisimasi chifukwa ana amakhala atatsekera. Ndinawauza kuti aganize kawiri. Kuyambira November mpaka April ndi nyengo ya anamondwe kumeneko, ndiponso matikiti a December ndi okwera mtengo. A zanyengo a ku Mauritius amachenjeza m'magawo anayi. Gawo loyamba limalengezedwa kutatsala maola 36 mpaka 48 kuti mphepo ya makilomita 120 pa ola ifike, ndipo likafika gawo lachitatu mabasi amaima, masitolo amatseka, ndege zimaimitsidwa, munthu umakhala m'nyumba. Kugombe sikuyandikiridwa, ngakhale namondweyo akudutsa patali, chifukwa mafunde ake amalumpha khoma. Mu January 2024 namondwe Belal anasefukiza Port Louis mpaka magalimoto kuyandama m'misewu.

Mayi wina wa ku Phalombe anafunsa ngati Freddy anadutsanso kumeneko. Anadutsa, kumpoto kwa chilumbacho, pa 20 February 2023, asanafike ku Madagascar ndi ku Mozambique, ndipo mu March ndi pamene anagwetsa mapiri kwawo. Mayiyo sanafunsenso china. Amayi a mpando anati nkhaniyi ikambidwe bwino pa msonkhano wa Lachinayi, ndipo wina abwere ndi mitengo ya matikiti a tchuthi cha August, podziwa kuti nthawi imeneyo mphepo imaomba kum'mawa ndi kum'mwera kwa chilumba, ndiye malo ogona afunidwe kumadzulo kapena kumpoto, cha ku Mont Choisy ndi Pereybere.